Tayala la kutsogolo pansi pa bedi

Amuna anga sankakhulupirira loko. Ankati loko amathyola ndi mwala, koma njinga ya tayala limodzi wakuba sangaikwere. Tikafika kumsika pa Boma ankaigoneka chagada, chishalo ndi mahandulo pansi, n'kutulutsa sipanala m'thumba. Ankayamba kumasula mabuleki, kenako manati a mbali zonse ziwiri, n'kuzula tayala la kutsogolo. Manati ndi mawashala ankawabwezera pa ekiselo pomwepo kuti asatayike. Ndiye tizizungulira msika wonse, ine dengu la nandolo pamutu, iwo tayala paphewa. Manyazi ake! Ndinkawanena kuti mkazi wamkulu ndi njingayo, ine ndine wachiwiri.

Chaka chimene chifuwa chinawagwetsa, ndinawanyamula pakaliyala kuchokera kwathu ku Mbulumbuzi, pokwera ndikukankha. Titafika pachipatala cha pa Boma ankalephera ngakhale kuima, koma anati, "Mayi, tembenuzani njingayo."

"Bambo, mukubanika chonchi, nzeru zili pa tayala?"

Anayesa okha, sipanala inawapulumuka m'manja. Ndinamasula ndine, iwo akulozera atatsamira khoma. Njinga ndinakaisiya kumene timaphikira odikirira odwala, tayala analamula kuti likhale pansi pa bedi lawo. Odwala anzawo ankaseka. Kukacha ankatsitsa dzanja n'kulikhudza.

"Musalibwezere," ankatero. "Ndikatuluka ndimanga ndekha. Inu mumanga mopendama."

Ndinkawayankha mwaukali, koma mumtima ndinkakondwa. Ndinkati munthu wokangana za tayala ndiye kuti abwerera kwawo.

Sanatuluke ndi miyendo yawo. Tayala linapita kumudzi pagalimoto ya maliro, pamodzi ndi mabulangete ndi ndowa, njinga n'kutsala.

Maliro atatha ndinabwerera ku Boma, tayala paphewa. Anthu ankandicheukira, koma manyazi aja anali atandithera, chinatsala n'chisoni chokha. Njinga ndinaipeza pomwe ndinaisiya, itachita fumbi, palibe anaikhudza. Ndinaigoneka chagada, ndinalowetsa ekiselo mu foloko mpaka kumapeto. Manati ndinamanga mosinthana, pang'ono uku, pang'ono uko, monga ankachitira eni ake, kenako mabuleki. Ndinaligwedeza, silinagwedere.

Ndinalizunguza ndi dzanja. Linayenda mowongoka bwinobwino, osakhula paliponse.

Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse.