Tsamba la Ana Athu Lidakaonekera ku Chipata

Tidanyamuka ku Chiosya m'mamawa Loweruka, anthu atatu: ine mphunzitsi, Tadala, mtsikana wa Fomu 3, ndi bambo ake, a Banda. M'thumba ndidasunga fulashi momwe mudali tsamba la pa intaneti lofotokoza za sukulu yathu. Adalilemba ndi ana a kalabu yanga pa kompyuta yokalamba yopanda intaneti. A Banda ankafuna mwana wawo asiye kalabuyo azikasankha fodya.

"Tsamba lomwe ndimalidziwa ine ndi la fodya, aphunzitsi," adatero. "Lanulo ndikalione kaye."

Tidakwera matola pa K150 mpaka pa Kamwendo, titakhalira matumba a mtedza, kenaka minibasi yopita ku boma. Kumeneko tidapeza malo a intaneti ali otseka. Mayi wogulitsa mandasi pakhonde adati, "Magetsi adathima dzana. Anzanu akumapita ku Chipata."

A Banda adati tibwerere. Ndidagula mandasi, n'kuwapatsa awiri, ndipo asanamalize kutafuna ndidali nditaimitsa takisi ya ku bodala.

Chakumasana tidatenga mapasi, n'kuwoloka pa Mwami. Dalaivala wa ku Zambia adatipanikiza anayi kumbuyo. "Nkhalani che bwino, ni pafupi," adatero, nkhuku ya munthu wina ikundijompha mwendo.

Ku Chipata tidalipira ola limodzi pa malo a intaneti. Tadala adakweza tsambalo yekha, koma litatseguka chithunzi cha sukulu sichidaoneke. Padangokhala kabokosi kopanda kanthu. A Banda adatsokomola n'kuyang'ana kukhomo. Manja anga ankayabwa kufuna kumuthandiza, koma ndidawapinda. Mtsikanayo adatsegula zolemba za tsambalo, akuyendetsa chala mzere ndi mzere, mpaka adapeza chilembo chachikulu pomwe pamafunika chaching'ono. Atakonza, sukulu yathu idatulukira, denga lake ladzimbiri lomwe.

A Banda adabwereka foni yanga, n'kuimbira mng'ono wawo wogwira ntchito muofesi ku Blantyre. Tadala adamutchulira adiresi ya tsambalo. Patapita kanthawi, tidamva mawu akuwerenga mayina a anawo mmodzimmodzi.

Pobwerera tidafika pa Kamwendo. Pomwepo a Banda adafunsa, "Kalabuyi imakumana masiku anji?"

"Lachitatu ndi Lachisanu, bambo."

"Fodya tizisankha Loweruka."

Ulendowo udandiphunzitsa kuti kholo silikana chinthu chifukwa cha nkhanza ayi. Limafuna lione ndi maso ake zomwe manja a mwana wake angathe.