Amayi Anakachapa M'nyanja Yamchere

Tinanyamuka ku Bangwe Lachiwiri m'mamawa, mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri lonse moti ngakhale nyumba ya aneba sinkaoneka. Ndinali ndi amayi anga, ndipo amayiwo anali atakwiya zedi. Chaka chilichonse kukangoyamba kuzizira mphumu imawagwira, ndipo chaka chatha anagonekedwa m'chipatala, akupumira makina. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosapsatira kuti chifuwa chimenechi sichingapirirenso chisanu cha ku Bangwe. Ndiye ndinapangana ndi mng'ono wawo, a Rozina, amene anakwatiwa ku Quelimane, kugombe la Mozambiki, kuti amayi akakhale kumeneko mpaka kuzizira kutatha. Eni ake anavomera masiku atatu okha.

"Ndikamuone Rozina, basi. Loweruka ndili pabenchi yanga ya tomato," anatero.

Ine ndinangoti chabwino. Koma mumtimamu ndinali ndi mantha kuti ndikabwerera nawo, Ogasiti sadzamuona.

Ku Limbe tinakwera minibasi ya ku Muloza, K10,000 munthu mmodzi. Amayi analamula kuti mawindo onse atsekedwe, ndipo bambo wina wonyamula thumba la usipa atayesa kutsutsa, anamuyang'ana kamodzi kokha, bamboyo n'kutseka yekha. Tinadutsa minda ya tiyi ya ku Mulanje tikununkha usipa, amayi akutsokomola, ine nditabisa kamankhwala kawo kopopera m'kamwa m'thumba la jekete. Pachipata cha Muloza tinadinditsa mapepala, anyamata osintha ndalama akutizungulira ngati ntchentche pa mango, kenaka akabaza anatiwolotsa mpaka ku Milange.

Minibasi ya ku Mocuba inadzaza mochedwa, cha m'ma 11 koloko. Podikira tinagula buledi wa kumeneko amene amati pau, wolimba kunja, wofewa m'kati. Amayi anadya awiri akunena kuti alibe kukoma. Msewu unkatsika pang'onopang'ono, mapiri akutsalira m'mbuyo, ndipo pofika ku Mocuba masana thukuta linali litayamba. Tinasintha galimoto, n'kulowa mu Quelimane dzuwa litapendeka, mitengo ya kokonati ili mbali zonse. Njinga zake abale! Ku Bangwe timati tili ndi akabaza, koma kumeneko tauni yonse imayenda pa njinga, ngakhale bwana wa tayi.

Amayi aang'ono anali atakonzeratu zonse zimene alendo othawa chisanu amachita kumeneko. Lachitatu anatiyendetsa m'mbali mwa mtsinje waukulu wa m'tauni, kuona mabwato ndi tchalitchi chakale cha Apwitikizi. Anatimwetsa madzi a kokonati, masana n'kutiphikira mpunga ndi nkhuku yowotcha yonyika mu mkaka wa kokonati. Ine ndinanyambita zala. Atabweretsa nkhanu, amayi anakankha mbale.

"Rozina, tizilombo iti kwathu timapha ndi patapata."

Amayi akafuna kusesa, mng'ono wawo ankawalanda tsache. Akafuna kutsuka mbale, "Ayi achemwali, ndinu alendo, khalani." Anakhala pakhonde manja ali pamiyendo, nkhope ili gwa, akufunsa ngati minibasi za Loweruka zimanyamuka m'mawa. Mayi amene wagwira ntchito chiyambire utsikana wake, ukamukhazika pampando umamupha ndithu. Ndinaona kuti ulendo wanga ukulephera.

Lachinayi tinapita ku Zalala, gombe la nyanja yamchere, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera m'tauni. Amayi ananyamula chikwama chotupa, ndipo nditafunsa anangoti ndi zawo. Titafika tinapeza mchenga wautali, wosalala, madzi ali kutali uko. Amayi aang'ono anapita kwa asodzi kukanenerera mtengo wa nsomba zoti atiwotchere. Apo ndi pamene amayi anatsegula chikwama chija. Munali mashiti a pabedi a mng'ono wawo, makatani awiri, zitenje ndi sopo wamtanda.

"Amayi, mwayamba chiyani?"

"Iwe Esnati, madzi onsewa, aulere, opanda mzere, ndingowayang'ana? Makatani awa Rozina anawachapa liti?"

Musawaseke msanga. Kwathu mpopi umatha sabata uli wouma, ndipo munthu wa ku Bangwe akaona madzi ambiri chomwe chimayamba kumubwerera m'mutu ndi zochapa. Ndi mmenenso anachitira kalekale atapita ku Mangochi. Ine ndemwe sindinkadziwa kuti pali cholakwika, ndinapinda siketi n'kuwathandiza.

Sopo anakana kuchita thovu. Anapaka, anafikisa, anatukwana wogulitsa sopoyo ndi mtundu wake wonse, koma thovu osatuluka. Tinachapabe choncho, n'kuyala zonse pamchenga woyera, patali ndithu ndi madzi, kuika timitengo m'makona. Kenaka tinakhala pamthunzi kuti ziume. Mayi wina wogula nsomba anadutsa, natiloza, n'kulankhula mofulumira chilankhulo chimene sitinamve. Amayi anamuyankha kuti, "Zikomo, tili bwino."

Mayi uja ankatichenjeza. Nyanja ya kumeneko sikhala malo amodzi ngati yathu. Imapita, n'kubwerera. Titatembenuka, madzi anali atafika kale pa makatani, ndipo shiti imodzi yamaluwa inali ikuyandama kulowera kwakuya.

"Mayo ine! Shiti ya Rozina!"

Ndisanaimirire n'komwe, amayi anali ataliyatsa liwiro. Anathamanga mchenga wonsewo chitenje chili m'manja, analowa m'madzi mpaka m'chiuno, funde linawagwetsa, anadzuka, n'kuigwira shiti ija pakona. Azimayi ogula nsomba anaponya mabeseni awo n'kuthamangira kukatola zotsalazo, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Ine sindinaseke. Ndinafika ndi kamankhwala kaja m'manja, ndikudikira kubanika kumene ndimakudziwa bwino.

Anali kupuma mwamphamvu, inde, koma mpweya unkalowa. Anaima madzi akuchucha, n'kuyang'ana kumene tinakhala kuja, kutali.

"Esnati, ndathamanga. Wandiona?"

"Ndakuonani, amayi."

"Kuchokera uko?"

Amenewa ndi amayi amene kuchoka kumsika kukafika kunyumba amaima katatu atagwira mpanda wa eni. Anakhala pansi pamchenga wonyowa, n'kuyamba kuseka, kenaka kulira, ndipo ine ndinalira nawo pamaso pa anthu osawadziwa.

Amayi aang'ono atabwera anagwira pakamwa. "Achemwali, madzi amchere sachapira! Zonsezi zikauma zikhala ngati zikopa." Kunyumba kwawo kuli chitsime pabwalo pomwepo, ndipo madzulo ake amayi anatsukuluza chilichonse okha. Ulendo uno palibe anawalanda ndowa. Lachisanu anasesa bwalo, anaphunzira kupala kokonati, ndipo anauza mng'ono wawo kuti khitchini yake ndi yochititsa manyazi.

Loweruka m'mawa ndinawapeza akulongedza kokonati ndi nsomba zouma m'chikwama chawo. Ndinaganiza kuti akubwerera nane ku Bangwe. Koma anandipatsa chikwamacho m'manja. "Ukagawire anzanga kumsika. Benchi ukampatse mlamu wako, asamakongoze tomato. Nyumba ino yasowa munthu, ndiyambe ndaikonza." Sanatchule za chifuwa, nanenso sindinatchule. Ndinaphunzira kuti amayi anga sungawasunge ndi nkhuku yowotcha kapena malo okongola. Amakhala pamene manja awo akufunika.

Ndinagona ku Milange, n'kufika ku Bangwe Lamulungu masana, chiperoni chikuwaza. Ndikukwera kanjira ka kwathu, a Nachisale, aneba athu amene akhala ndi amayi zaka zonsezi, anandiona ndili ndekha, chikwama cha amayi chili pamutu. Anaponya ndowa pansi, manja kumutu, n'kuyamba kubuma maliro. Zitseko zinayamba kutseguka.

"Ayi, a Nachisale! Ali moyo!" ndinakuwa. "Ali moyo, akuthamanga!"

Anasiya kulira n'kundiyang'ana ngati ndapenga. Ndinatula chikwama pakhonde pawo, n'kunenanso kachitatu, pang'onopang'ono, kuti nanenso ndimve bwino.