Tsiku Limene Ndinasandutsa Mwana Wanga Wantchito

Mwana wanga tinamutcha Esinati, koma atasinkhuka anatiuza kuti iye ndi mwamuna ndipo dzina lake ndi Yona. M'nyumba ndinali ngwazi. Buluku lake loyamba ndinasoka ndine, ndipo bambo ake akayamba kulalata ndinkawatseka pakamwa.

Ungwazi wangawo unathera pamzere wogulira mafuta ophikira kwathu ku Kabwata, zaka zija za chipani chimodzi. Ba Cheya, mkulu wa amayi a chipani amene ankayang'anira mzerewo, anatiyang'ana ine ndi Yona kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ba Phiri, tinamvela kuti mwana wanu ni mukazi. Manje uyu munyamata ni ndani?"

Pakamwa panga panayankha pokha: "Ni wanchito."

Yona anavula chipewa, nawerama. "Madamu, ninyamule basiketi?" Ulendo wonse wobwerera anayenda kumbuyo kwanga. Ba Cheya anagoma ndi ulemu wakewo, moti anamubwereka kuti akawalimire kuseri kwa nyumba. Ine ndinavomera, ndikumwetulira.

Lero Yona ali ndi imvi. Ndikayamba kudzitama kwa alendo kuti sindinachitepo naye manyazi, iye amangoimirira mwaulemu.

"Madamu, nibweletse tiyi?"