Uthenga Wodzera mwa Azakhali

Mwana wanga wamkazi anabwera kutchuthi nyengo yokumba mtedza, achipatala cha mishoni atangondipeza ndi chotupa m'bere. Ndinalibe mtendere. Ndikati ndikhale pansi, ndadzuka kale. Ndikati ndisese, pabwalo mposesa.

Iye amagwira ntchito kunja, yotumiza makiyi ndi kuwala. Ndinamuseka: "Makiyi a chitseko chanji?" Anati si achitsulo, koma manambala achinsinsi otsekera uthenga kuti wapadera asawerenge. Amawatumiza m'kachingwe kagalasi, pa tizidutswa ta kuwala tating'onoting'ono, kamodzikamodzi.

"Nanga wina akasuzumira panjira?" ndinafunsa.

"Kuwala kotere sikubisa wakuba, amayi. Akangokuyeza, kwasintha. Ife a mbali ziwirizi timafananiza manambala ena. Akasiyana, tadziwa kuti wina wagwirapo. Kiyiyo timataya n'kuyambiranso."

Ndinkangovomera ndi mutu, mtima uli pa bere langa. Kwathu za m'thupi zotere mayi sauza mwana wake maso ndi maso, zimadzera mwa azakhali. Choncho ndinakwera minibasi kupita ku Chipangali kwa alamu anga, azakhali ake a mwanayo, n'kuwauza zonse: chotupa, opareshoni, mantha anga. Ndinkafuna mwanayo adziwe asanabwerere.

Alamu angawo ndi munthu wabwino, koma chifundo chawo chimanyanya. Anabwera, anamutengera mwanayo kuseri kwa nyumba, anatulukako onse akuseka. Mwana sanandifunse kanthu. Ndinadikira, ndikuswa mtedza mpaka zala kuwawa. Ndinapsa mtima. Kodi sukulu imaumitsa munthu chonchi?

Tsiku lonyamuka, pa siteshoni ya mabasi a ku Lusaka, kondakitala atalonga kale chikwama chake, mwanayo anati: "Azakhali akuti ndi kachithupsa chabe, kapola ndi mankhwala odzola."

Ndinayang'ana pansi. Kachithupsa!

"Koma inu simukudya, ndipo dengu mukunyamula ndi dzanja limodzi. Sizikufanana." Anandigwira pamkono. "Uthengawu wagwiridwa panjira, amayi. Tiutaye. Tiyambirenso, inu ndi ine."

Basi inaliza hutala. Anthu anali piringupiringu, ine manyazi atandigwira. Ndinatenga dzanja lake n'kuliika pamwamba pa bulauzi, pomwe panali chotupacho.

Sanalire. Anatembenuka n'kukuwira kondakitala kuti atsitse chikwamacho.