COBOL ya m'Pepala Lokulungira Kapenta

Lolemba lapitali ndinamenya tebulo kuntchito, thireyi ya makadi a Ba Tembo n'kugwa. Makadi mbwee pansi ponse!

Ine ntchito yanga kufakitale ndi kuboola timabowo m'makadi amene kompyuta imawerenga. Sukulu ndinalekera Fomu 2. Ba Tembo ndi injiniya, ndipo ndiwo anandibwereka buku la FORTRAN, chinenero chouzira kompyuta masamu. Tsopano kwatuluka malo amodzi a kosi ya zinenero za kompyuta ku Lusaka. Pafomu ndinasankha chinenero china, COBOL, koma fomuyo siyenda popanda iwo kusayina.

"Iwe mufana, waganiza shani?" anatero. "COBOL ni ya makalaliki, ikamba maningi monga ba mai busa. FORTRAN ndiye ya nzelu!"

Sananame. Mzere umodzi wa FORTRAN umatha kugwira ntchito ya mizere ingapo ya COBOL. N'chokoma, ndimachikonda.

Koma kodi Ba Tembo anagulako kapenta pamsika wa ku Nangongwe? Amayi anga amakulungira makasitomala awo kapenta m'manyuzipepala akale, ndipo ine ndimayamba ndawerenga masamba olengeza ntchito. Mafakitale, masitolo akuluakulu, maofesi atsopano: COBOL, COBOL, COBOL! FORTRAN ndinaiona kamodzi, pamenepo akufunanso digiri. Ndikaitenge kuti digiri ine?

Ndinawauza zimenezi mokweza mawu, dzanja n'kutsatira patebulo. Zotsatira zake mukuzidziwa kale.

Makadi a pulogalamu akasokonezeka, kompyuta imakana zonse. Mwini wake anali asanawalembe manambala. Ba Tembo anangondiyang'ana. Ndinadziwa kuti Lusaka yapita.

Ndisanamalize, tiuzane zoona, anthu a mu Kafue. Pogula njinga, mumafunsa yolimba kuposa zonse, kapena mumafunsa ngati masipoko ake amapezeka pamsika? Mlamu wanga anagula yokongola kwambiri m'dera lonse la Estates. Tcheni chitaduka, lero akuyanikapo zovala. Ubwino wa chinthu ndi nkhani ina, kukhala ndi anthu ochifuna ndi nkhani inanso. Dziko likumanga, machumuni akumera ngati chimanga, ndipo amene akulemba anthu ntchito safunsa chinenero chokoma. Amafunsa chimene makina awo akulankhula kale.

Komabe tamvani. Ndinagwada, n'kuyamba kutola makadi aja. Ndinkawerenga mzere wolembedwa pamwamba pa khadi lililonse, n'kuganiza chimene chiyenera kutsatira. Chakudya cha masana chinandidutsa. Titawaika m'makina, pulogalamu inayenda ulendo woyamba!

Ba Tembo anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mutu wabwino so, uupeleka ku makalaliki?"

"Ba Tembo, mutu nawo ufuna nchito."

Anatulutsa cholembera. "Yenda. Koma buku yanga usabweze. Uzaifuna."

Anasayina! Ine, wa Fomu 2, Lolemba likubwerali ndikukwera basi ya ku Lusaka, buku la FORTRAN m'chikwama, COBOL pafomu.

Nanga inu ophunzira amene mumatiuza chabwino kuposa zonse, munayamba mwatambasula pepala la kapenta n'kuona chimene olemba anthu ntchito akufuna?