Ubweya umene umathawa azakhali a Chedlia

Azakhali a Chedlia ndi mlongo wawo wa apongozi anga aamuna. Anabadwira pachilumba cha Kerkennah ku Tunisia, anakwatiwa ndi msodzi wa pomwepo, ndipo amuna awo atamwalira anakana kusamukira ku Sfax kwa ana awo. Amati anthu a m'tauni amadya nsomba zadzulo.

Kutentha kukangoyamba, abale onse amakumbukira kuti ali ndi azakhali pachilumba. Ena amachokera ku Tunis, ena ku France. Amatsika m'chombo atavala magalasi akuda, amvekere tabwera kudzapuma. Amapumadi. Koma mpumulo wawowo amausenza ndi azakhali, pamodzi ndi mkazi aliyense amene waima pafupi ndi khitchini.

Ine izi sindinkazidziwa. Mwamuna wanga Lotfi anangoti, "Amake Firas, chaka chino ukapumula. Kumeneko ntchito ndi kugona m'madzi basi." Chibadwire Firas ndi mng'ono wake ndinali ndisanagonepo tulo tokwanira. Sindinkafuna zambiri ayi, kungogona chagada m'nyanja kamodzi kokha, m'manja mulibe mwana, mulibe mbale. Ndinagula chovala chosambira cha buluu, chofika m'akakolo.

Titafika, azakhali anandipsompsona masaya onse, n'kundipatsa mpeni. Kuyambira pamenepo ndinali wopala nsomba. Tikamaliza nsomba, kusikusi, chakudya chawo cha timibulu ta tirigu; tikamaliza kusikusi, mbale; kenako tiyi wa amuna. Nyanja ndinkaionera pawindo. Lotfi ankabwera madzulo ali ndi mchenga m'makutu n'kumandifunsa ngati ndikusangalala. Azakhali sindinawaonepo atakhala pansi. Ngakhale kudya ankadya chiimire, maso ali pa mphika.

Ulendo wobwerera utayandikira, azakhali analengeza pachakudya kuti, "Mawa akazi tonse kunyanja, tsiku lonse. Ana atsale ndi amuna amene munabereka nawo." Lotfi anatsamwa ndi munga wa nsomba. Ine ndinathokoza Mulungu chamumtima.

M'mawa ndinatuluka nditavala cha buluu chija, ndipo pakhomo ndinapeza ngolo ya bulu itadzaza matumba. Unali ubweya wa nkhosa. Mdzukulu wa azakhali anali pafupi kukwatiwa, ndipo ubweya wa matiresi a mkwatibwi umayenera kuchapidwa m'madzi a m'nyanja, ndi manja a akazi a pabanja.

Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wavala ngati ukukakwatiwa ndi nsomba," anatero. "Koma n'chabwino, chiuma msanga. Nyamula thumba ilo, mwana wanga."

Tinalowa m'madzi ofika m'mawondo n'kuyamba. Ubweya umaviikidwa, umapondedwa, umamenyedwa ndi ndodo, kenako umachotsamo minga ndi zitosi ndi zala. Akazi ankaimba nyimbo za ukwati, nthungululu zili pakamwa. Najet, msuweni wa Lotfi wa ku France, anagwira m'chiuno n'kuti dokotala anamuletsa kuwerama.

"Dzulo chiuno chomwechi chimavina mpaka kugwetsa mpando," anatero azakhali. "Dokotala wakoyo sanakuletse kudya. Ponda."

Dzuwa litafika pamutu, ndinali nditataya mtima. Ndinali m'nyanja ndithu, koma msana unkawawa kuposa kukhitchini, ndipo chombo chathu chinali cha mawa lake.

Apa mtolo wina wa ubweya unayamba kuyandama kulowera kutali. Ndinati ndiuthamangire, koma azakhali anandigwira mkono.

"Khala. Iwe sudziwa mapondedwe a kuno. Ndikatenga ndekha."

Anakwinya diresi n'kuuyamba ulendo. Nyanja ya kumeneko ndi yosaya, munthu amayenda mpaka kutopa madzi akadali m'ntchafu. Azakhali anayenda, anayenda, mpaka anazimirira kuseri kwa mipanda ya masamba a kanjedza imene asodzi amakolera nsomba.

Panapita nthawi. Anzanga ankangoimba.

"Kodi azakhali aja sitikawaona?" ndinafunsa.

"Asiye," anatero Najet, amene tsopano anali atakhala pathumba. "Chaka chilichonse kumakhala chinachake chowathawa. Chaka chatha linali dengu. Manja awo akalamba."

Mtima wanga sunakhazikike. Munthu wamkulu, yekhayekha, dzuwa lotero. Ndinasiya ndodo n'kuwatsatira, ndikupemphera njira yonse. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa. Nditazungulira mpanda, ndinaona diresi lakuda likuyandama.

Anali azakhali, chagada, manja atatambasula, diresi litafufuma ngati hema. Ubweya uja anali atautsamira. Maso anali otseka, ndipo ankang'ung'udza kanyimbo.

Anatsegula diso limodzi.

"Wabwera ndi ndani?"

"Ndekha, azakhali. Ndimaopa kuti mwamira."

"Ine kumira? Ndinaphunzira kuyandama apongozi ako asanaphunzire kupukuta mamina." Anatseka diso lija. "Waona chiyani kuno?"

Ndinaganiza kaye. "Ndaona ubweya utakodwa mumpanda."

"Wakodwa kwambiri?"

"Kwambiri, azakhali. Munthu mmodzi sangauwonjole."

Anang'amba mtolo uja pakati n'kundikankhira theka.

"Lotfi anasankha bwino, ngakhale ndi chitsiru. Ika kunkhongo, osati kumutu. Miyendo uileke, madzi adziwa okha chochita."

Ndinagona chagada. Madzi analowa m'makutu, nyimbo za kumtunda zinazimirira, ndipo m'manja mwanga munalibe kanthu. Ndinayamba kunena kuti zikomo.

"Tseka pakamwa," anatero azakhali. "Mulowa mchere."