Mgula wa Abiti Jafali

Masamba a tomato ali ndi kafungo kowawa komwe kamakakamira m'zala ngakhale usambe ndi sopo, ndipo ine ndikakamva ndimaona Abiti Jafali atawerama m'dimba lawo ku Malindi, mpango utanyowa ndi thukuta, akudula mphukira ndi zikhadabo kwinaku akung'ung'udza m'Chiyao. Anali mayi wamasiye, ndipo nyumba yawo inali kumtunda kwa yathu. Ana awo aamuna anali ku Joni, osamveka, moti chomwe chinkawadyetsa chinali dimba la kuseri kwa nyumba, lotchingidwa ndi mpanda wa bango. Ana tonse tinkawaitana kuti Anganga, koma sikuti tinkawakonda. Mpira wathu wa mapepala ukagwera mkati mwa mpandawo sunkabwereranso.

Mvula ikakhazikika cha mu Januwale, nthaka n'kumafuka nthunzi dzuwa likangotuluka, Abiti Jafali sankakhala pansi. Akangoswali m'mawa, khasu linkayamba kulira. Ankapalira, kubandira chimanga cha m'mphepete mwa mpanda, kuzika timitengo toti tomato atsamire n'kumumangirira ndi luzi la nthochi, kuwaza phulusa pa mpiru kuti nsabwe zisaudye, kenako kusokanso bango pomwe mbuzi zaboola. Tomato wa m'dzinja ndi wovuta, amapsa masamba n'kuola, ndipo anthu ambiri ankangomusiya. Iwo ankamulera mpaka kupsa, n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu. Wina akawauza kuti apumeko poti ndi tsiku lopita kumzikiti, ankayankha osaweramuka: "Udzu ulibe Lachisanu."

Amayi anga ndi Abiti Jafali sankalankhulana, ndipo nkhani yake inali madzi. Mvula ikagwa kumapiri, madzi ankatsika ndi kanjira kolunjika dimba lawo. Iwo anaunda mgula, chimzere chachikulu cha dothi ndi miyala, kuti madziwo azipatuka. Ankapatukadi, n'kumadzera kuseri kwa nyumba yathu ya zidina. Amayi atadandaula panatuluka mawu oipa mbali zonse, moni n'kutha. Bambo, omwe ankagwira ntchito pa loji ina ku Nkopola n'kumabwera mwa apo ndi apo, anangokumba ngalande kuseri kwa nyumba kuti madzi azipitirira kunyanja. Chaka china sanapeze mpata woikonza, ndipo inadzaza mchenga ndi udzu.

Chaka chomwecho, ndili sitandade sikisi, mlongo wanga wamng'ono Yohane anadwala malungo aakulu, amayi n'kukagona naye kuchipatala. Nyumba anandisiyira ine. Azakhali ankabwera madzulo kudzagona nane, masana n'kupita kumunda kwawo.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, kumapiri kunada bii, mphepo n'kuyamba kukupiza udzu wa padenga. Mvula yake sinayambe ndi madontho. Posakhalitsa ndinamva mkokomo kuseri, ndipo nditazungulira ndinapeza madzi ofiira agunda mgula, apatuka, asowa podutsa m'ngalande, n'kuima atatsamira khoma lathu. Kuseri kwa khoma limenelo n'kumene kunali thumba lathu lotsiriza la chimanga. Ndinatenga khasu la amayi n'kuyamba kukumba, koma ndikachotsa mchenga wina unkabwerera pomwepo. Madzi anandifika m'maondo. Zidina za m'munsi zinayamba kusungunuka ngati shuga mu tiyi.

"Mwanache iwe, siya khasu!"

Anali Abiti Jafali, atafunda chiguduli kumutu. Anayenda m'madzimo mpaka pakhoma, n'kulikanikiza ndi chala. Chalacho chinalowa.

"Amako sabwera lero?"

"Sabwera, Anganga. Yohane sakudyabe."

Anayang'ana khomalo, kenako anatembenukira kumtunda, kudimba kwawo. Tomato anali atabereka mpaka timitengo kupindika, wina atayamba kufiira.

"Kokera chimanga pakhonde lakutsogolo. Ukatero usalowenso m'nyumbamo."

Anandilanda khasu n'kukwera. Nditalikhwekhwereza thumba lija ndinathamangira kumpanda, n'kuwaona ataima pamwamba pa mgula wawo, akuutema. Sankachita mwachifundo ayi. Ankakalipa mokweza, kutchula bambo anga, amayi anga, mvula, ngakhale ana awo a ku Joni, uku akugudubuza miyala ndi manja. Mgula utabooka, madzi onse anakhamukira m'dimba. Timitengo tinagwa motsatizana, mpiru unakwiririka ndi mchenga, mpanda wa kumunsi unagona pansi, ndipo ndinaona tomato wamuwisi akuyandama kulowera kunyanja. Kuseri kwa nyumba yathu madzi anayamba kuphwa. Khoma linang'aluka, koma silinagwe.

Mvula itakata, ankayenda m'matopemo ndi beseni, kutola tomato wotsala m'modzim'modzi. Ndinayandikira n'kugwada.

"Zikomo, Anganga."

"Zikomo wako ndidya? Ukawauze abambo ako kuti ngalande amakonza mvula isanabwere." Anapukuta tomato wina pachitenje n'kumuponya m'beseni. "Pita ukasinthe zovala, ungadwale nawenso."

Amayi anabwera Yohane atachira, ali wowonda ngati bango koma akupempha chakudya. Ndinawafotokozera zonse. Anakaima kuseri n'kuyang'ana mng'alu wa khoma, kenako anasuzumira pampanda n'kuona mchenga pomwe panali dimba. M'mawa mwake anandidzutsa, natenga makasu awiri.

Tinawapeza Abiti Jafali akukumba timitengo tawo mumchenga.

"Mwadzuka bwanji, Abiti?" anatero amayi. Aka kanali koyamba kuwamva akupereka moni pakhomo limenelo chiyambire mkangano uja.

"Ndadzuka. Mwana ali bwanji?"

"Wayamba kudya."

"Alhamdulillah. Miyala ili uko kumunsi, muyambe ndi ikuluikulu."

Tinagwira masiku angapo, kututa miyala, kuchotsa mchenga, kudula bango kunyanja. Dzuwa lisanafike pamutu tsiku loyamba lomwelo anali atayambanso kukangana, amayi akuti ngalande idzere apa, Abiti akuti munthu wosalima dimba sangawaphunzitse njira ya madzi. Pomaliza inadzera m'malire enieni, kudya mzere umodzi wa dimba lawo ndi mtengo wathu wa papaya. Kubzalanso tomato kunali kochedwa, choncho amayi anakapempha mbewu ya mbatata kwa azakhali. Mwezi wa Febuluwale unawavuta Abiti Jafali, ndipo ankaoneka m'masaya. Amayi ankandituma ndi mbale yovundikira, iwo n'kumaibweza yotsuka bwino, ati ndikawauze amayi kuti mchere achepetseko.

Sindinganene kuti anasanduka mabwenzi. Ankapatsana moni, ndipo chaka chilichonse mitambo ikayamba kusonkhana ankakumana pangalande ndi makasu, n'kukangana mpaka ntchito kutha. Abiti Jafali anamwalira ine ndili kusekondale. Ana awo anabwera maliro atapita kale, anakhoma chitseko n'kubwerera.

Lero ndimakhala ku Mangochi m'tauni, ndipo kuseri kwa nyumba ya lendi ndili ndi kadimba kanga. Ndisanaunde mzere uliwonse ndimayamba ndaima n'kuona kumene madzi apite akachoka kwa ine, ndi khomo la yani lomwe lili kumeneko.

Novembala wapitayu ndinapita ku Malindi, n'kupeza amayi, omwe tsopano amayenda ndi ndodo, ali m'ngalande muja ndi khasu. Mbali yathu anali atamaliza, akupala mbali ya kumtunda, komwe nyumba inagwa kalekale ndipo dimba ndi thengo lokhalokha.

"Amayi, uko mukukonzera yani? Kulibe munthu."

Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, n'kuyang'ana ngalandeyo kuchokera kumtunda mpaka kumunsi.

"Akanakhalapo akanati ndakumba mokhota," anatero. "Tenga khasu linalo, uwongole apo."